Mafupa a Kefasi ndi Mbewa Zosadyedwa

...ndiye nkhunzi ija itaona kuti sindikuthawa, inabwerera m'mbuyo n'kuyamba kupalasa pansi. Ng'ombe ya ku Zambia, abale, yaikulu ngati thirakitala ya pa esiteti, nyanga zake zoti n'kuyanikapo mabulangete awiri. Ine ndinangolavulira m'manja n'kuiuza kuti bwera tionane. Mapeto ake ndi awa: ine ntchafu yakumanja yathyoka, iyo mpaka lero ikuyenda chotsimphina kwawo ku Chipata.

Lachitatu, 11 Julayi 2007

Chiyambi cha nkhani ya ng'ombeyi chinali patsamba loyamba, koma a Benedicto a pabedi nambala 8 aling'amba n'kupichirira fodya. Akuti bodza limayaka bwino. Ndiyambirenso.

Ndine Kefasi, wobadwira kwa Mavwere, mkamwini kwa Mlonyeni, katswiri wokumba mbewa. Aliyense amene anagulapo mpani wa akapuku pamsewu wa kuboda n'kumanyambita zala mpaka ku Lusaka, ameneyo anadya za ine. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5 chifukwa aphunzitsi analibenso chondiphunzitsa.

Ndinagonekedwa Lolemba, wodi ya amuna, bedi nambala 7. Andiboola ndi kachitsulo kunsi kwa bondo, amangirirapo chingwe, ndipo kumapeto kwa chingwecho kukulendewera thumba la mchenga la makilo 7. Akuti ndikhala chonchi masabata khumi. Panado awiri, katatu patsiku. Kopeli andipatsa ndi a Sisitala Rhoda, anamwino a wodi ino, kuti ndizilemba m'malo mosokosera odwala.

Lachisanu, 13 Julayi

Nthawi ya alendo. Akazi awo a Benedicto abwera ndi mbatata yootcha, andigawirako iwiri. A Benedicto ndi tenanti wa fodya wochokera ku Phalombe, anadzitema phazi ndi nkhwangwa podula mitengo ya chigafa.

Kwa ine sikunabwere munthu. Ndilembe chifukwa chake kamodzi kokha.

Ndili ndi mwana mmodzi, Stelia, wa zaka zinayi. Chaka chatha anathyoka mwendo atagwa pakhonde, kakhonde koti nkhuku imatsika osatambasula mapiko. Mwezi wathawu ndinamugwira mkono kuti ndimutsitse panjinga, ndinangomva thyo. Alamu anga a Vitus, alongo ake a mkazi wanga Luwiza, ndiwo eni mbumba. Anasonkhanitsa abale n'kugamula kuti ndimamenya mwana anthu akapita kumunda. Anandiikira chikwama panja. Luwiza anangolira, pamaso pa alongo ake alibe pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikugona m'chisakasa cha anzanga a mbewa kumsewu.

Mwana ameneyu sindinamumenyepo. Ngakhale ndi kaudzu.

Lachinayi, 19 Julayi

Lachinayi lililonse kumabwera dokotala wa mafupa kuchokera ku Lilongwe. Ndimayembekezera chimunthu chandevu, koma kwalowa mayi wamfupi wovala magalasi, a dokotala Consolata. Ayang'ana ekisire, kenako andikoka chikope n'kuwunikira m'diso.

"Poyera pa diso lanu mpotuwa ngati mtambo wa mvula. Munabadwa choncho?"

"Ndi maso amenewa ndinakopera akazi m'maboma atatu, adokotala."

"Mwathyokapo kangati?"

Ndinawawerengera: mkono wamanzere polimbana ndi akuba atatu, nthiti pogwa pa lole ya feteleza ikuthamanga, phewa, chala, mwendo winawu, tsopano ng'ombe. Kasanu n'kamodzi.

"A Kefasi, nkhunzi ikagunda munthu imasiya chizindikiro. Inu pantchafu palibe ngakhale kachilonda."

"Inandigunda mwaulemu."

Wodi yonse inaseka, a Benedicto mpaka kutsokomola. Koma adokotala sanaseke kwambiri. Anafunsa ngati ndili ndi ana, ndipo ngati alipo amene anathyokapo. Pamenepo lilime langa, lomwe silinapumepo chibadwire, linakhala pansi. Ndinawauza za Stelia, zonse.

Akuti alipo matenda obadwa nawo ochititsa mafupa kukhala ngati mapesi ouma. Akuganiza kuti ndi amene ndili nawo, mwinanso mwanayo. Abweranso.

Lamulungu, 22 Julayi

Nyemba. Dzulonso nyemba. Wodi ino ikanakhala ndi matayala ikanafika kuboda ya ku Mwami yokha.

Mawu a adokotala akungondizungulira m'mutu.

Lachinayi, 26 Julayi

Lero ndamva zinthu zoti ndikanazinena ine mukanati Kefasi wayambanso.

Adokotala anakhala zaka zitatu kutsidya kwa nyanja akuphunzira, ndipo ntchito yawo inali yoweta mbewa. Mbewa! Nyumba yathunthu, mbewa iliyonse ndi nambala yake, chakudya chogula, mphepo yozizira ya makina, wantchito wozisesera. Ine kulima mahekitala pothamangitsa kapuku mmodzi, anthu akuzisunga m'mabokosi mazanamazana.

"Ndiye mumaziwamba kapena kuphika kaye?"

"Sitidya."

Ndinapempha a Sisitala Rhoda andiyeze kuthamanga kwa magazi.

Mbewa zimenezo, akuti, zina zimabadwa ndi mafupa osalimba ngati angawa, ndipo ndi zimene amaphunzirirapo matendawa. Koma tiana tikangobadwa sungadziwe ndi maso kamene kali nawo. Ndiye amadula kansonga ka mchira, kochepa ngati njere ya mawere. M'kanyama kameneko, ndiponso m'thupi la chamoyo chilichonse, muli malangizo olembedwa amene umatenga kwa bambo ndi kwa mayi, ndiwo amauza thupi kamangidwe kake. Dzina lake DNA. Zilembo zake ndi zinayi zokha, zongobwerezabwereza. Amayamba atenga kachigawo kamene akukafuna n'kukachulukitsa, ngati mmene timachitira ndi mbewu ya mbatata, kenako makina amawerenga chilembo chimodzichimodzi mpaka kupeza pamene palakwika.

"Makina omwewo angathe kuwerenga za inu," anatero.

"Mchira ndinausiya kwa Mavwere, adokotala."

"Kwa inu magazi akwana."

Koma anandichenjeza kuti zitenga nthawi. Pa mbewa zawozo amadziwa kale pamene pali vuto, amangopita pomwepo. Pa munthu sadziwa. Apa ndiye ndinawathandiza kufotokoza, poti ndi ntchito yanga: mbewa zawo una wake ndi wodziwika, koma ine ayenera kufufuza munda wonse, mzere ndi mzere. Anati ndi zomwezo. A Benedicto anamva okha dokotala akuvomereza kuti ndine mnzake pantchito.

Anzawo akunjawo akusonkhanitsa magazi a mabanja oterewa, adzawerenga mwaulere. Akufuna anga, a Luwiza ndi a Stelia. Akapeza cholakwika mwa ine n'kuchipezanso mwa mwana, ndiye kuti mkono uja sunathyoledwe ndi ukali wa munthu.

Ndatumiza uthenga kwa Mlonyeni kudzera kwa wa kabaza.

Lolemba, 30 Julayi

Abwera a Vitus, okha. Jekete lawo la maliro, chipewa m'manja. Sanakhale pansi.

"Mwaswera bwanji alamu?" ndinatero. "Pepani sindidzuka, andimangirira ngati mbuzi ya chiwongo."

"Ndamva mukufuna magazi a mwana."

"Akufuna ndi adokotala. Kadontho chabe."

"Kuti apite kwa azungu. Mwathyola mkono, tsopano mukufuna mugulitse magazi."

Ndinayesa kuwalongosolera za mbewa zija. Ndinalakwitsa poyambira pamenepo. Anandiyang'ana ngati ndaledzera.

"Tamverani a Kefasi. Mwana ndi wathu. Anabadwira pamudzi pathu, mchombo wake uli m'dothi lathu. Kwathu kulibe anathyokapo fupa chiyambire agogo. Inu munabwera ndi kachikwama, mungamupatse matenda anji mwana wa eni ake?"

"Komatu ine ndathyokapo kasanu n'kamodzi."

"Eya. Akuba atatu. Lole. Ng'ombe. Za akuba ndi lole simunatiuze nokha pabwalo, mowa uli m'manja? Ya ng'ombeyonso yafika kale kumudzi. Munthu wogwetsa nkhunzi ya ku Zambia, kamkono ka mwana kangamuvute?"

Anavala chipewa n'kutuluka.

A Benedicto anadikira kaye, kenako anati: "Achimwene, msampha uwu mwatchera nokha, ndipo mwautchera bwino."

Sindinadye.

Lachitatu, 1 Ogasiti

Thupi latentha, 38.9. Pa kachitsulo patuluka mafinya. Jekeseni m'mawa ndi madzulo, masiku asanu.

Loweruka, 4 Ogasiti

Kutentha kwatsika. Ndakhala ndikukumbuka amayi anga. Anali aafupi, maso otuwa ngati angawa, makutu anagontha asanakalambe. Ankathyoka kawirikawiri. Ndili ndi zaka zisanu n'ziwiri amalume anathamangitsa abambo anga pamudzi, akuti ankawamenya amayi. Ndinakula ndikudziwa kuti abambo anga anali chilombo. Anamwalirira ku esiteti ina ku Kasungu, kumaliro sindinapite.

Sindinawaonepo akukweza dzanja. Lero ndi pamene ndazindikira kuti sindinawaonepo.

Lachinayi, 9 Ogasiti

Lembani tsikuli ndi inki yofiira!

Cha m'ma 10 koloko ndikukangana ndi a Benedicto za kukoma kwa mende ndi kapuku, ndangoona pakhomo chitenje chomwe ndinagula ndekha kuboda. Luwiza, Stelia kumbuyo. Kumudzi wanena kuti akupita naye kusikelo, ndipo kusikeloko wapitadi, kuti khadi lidindidwe alongo ake akaone.

"Bambo a Stelia, mwaonda."

"Ndikuchita dala, kuti ng'ombe isadzandizindikire."

Sanaseke. Anamasula mwana n'kumuimika pansi. Chikhakha anamuchotsa, kamkono katsala kowonda. Anabisala kuseri kwa amake, diso limodzi lokha likundisuzumira. Mtima wanga unagwera m'thumba la mchenga lija. Ndiye anafunsa:

"Ababa, akumangani chifukwa mwalakwa?"

"Ayi mama, akuopa kuti ndingawathawire ndi bedi."

Anabwera n'kuyamba kukankha thumbalo ngati katungwe. Ululu wake ndinaona nyenyezi masana, koma ndinamuuza akankhenso.

Adokotala anamuwunika m'maso, kenako anaitana Luwiza kuti ayang'ane a mwana ndi anga. Luwiza anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndimaona ngati ndi kufanana chabe," anatero.

Anatiwerengera pepala lonse la chilolezo m'Chichewa: magazi sagulitsidwa, mayina athu sapita, papita manambala okha ngati mbewa zija. Ine ndinasaina, Luwiza anadinda chala. Timabotolo titatu ta zivindikiro zofiirira. Stelia sanalire. Ine ndinalira pang'ono kuti ndimulimbitse mtima.

Anandisiyira chigumu ndi mtedza wokazinga.

Lachiwiri, 14 Ogasiti

Magazi anga akwera ndege. Mwini wake sindinakwerepo ngakhale basi ya Kochi. Ndauza wodi yonse kuti azungu akawaona adzapempha ena oti azithira m'magalimoto.

Lachinayi, 23 Ogasiti

Ekisire yachiwiri. Fupa layamba kugwirana, pachithunzi pakuoneka kamtambo mozungulira pothyokapo. Achotsa mchenga makilo awiri. Zakunja palibe.

Ndafunsa ngati kudya mbewa ndi mafupa ake omwe kungalimbitse mafupa anga. Akuti n'chakudya chabwino, ngati matemba, koma sikuchiza. Ndawapempha alembe mbali yoyambayo papepala la chidindo kuti ndikakhome pamsewu. Akana.

Lolemba, 27 Ogasiti

A Benedicto atuluka. Asiya fodya theka ndi mawu akuti: "Tsiku lina mudzayese kunena zoona, mudzaone ngati mungafe." Pabedi pawo agonekapo mkulu wina wosayankhula. Ndamuuza nkhani ya ng'ombe, wangotembenukira kukhoma.

Lachinayi, 30 Ogasiti

Palibe. Akufufuzabe munda.

Lachinayi, 6 Sepitembala

Palibe. Ndafunsa kuti nanga akapanda kupeza? Adokotala sanandinamize. Akuti zimachitika, nthawi zina cholakwikacho chimabisala pamene makina sanafike. Iwo ngati dokotala sakukayika, maso ndi mafupa anena kale. Koma ine ndikuwadziwa a Vitus. Mawu a pakamwa kwa iwo ndi mphepo, makamaka akakhala okhudza ine.

Mvula ikubwera. Munda uli kwa Mlonyeni. Mwana ali kwa Mlonyeni.

Lachinayi, 13 Sepitembala

APEZA.

Adokotala alowa ndi envelopu, asanapereke n'komwe moni kwa odwala ena. Mapepala atatu. Palibe chithunzi cha fupa kapena cha munthu, koma timapiri tosongoka tondondozana, tobiriwira, tofiira, takuda ndi tamtambo, ngati mizere ya m'munda ukaiyang'ana chogona. Kaphiri kalikonse ndi chilembo chimodzi. Pa pepala la Luwiza timapiri tonse taima patokhapatokha. Pa langa, pamalo amodzi pozunguliridwa ndi bolopeni, timapiri tiwiri takwerana. Akuti kamodzi n'kabwino, kochokera kwa kholo limodzi, kachiwiriko n'kolakwika, kochokera kwa kholo linalo. Pa la Stelia, malo omwewo, timapiri tiwiri tomwetonso.

Anafufuza masabata anayi kuti apeze mwa ine. Mwa Stelia masiku awiri okha, poti una anali ataudziwa.

Ndinakuwa mpaka a Sisitala Rhoda anabwera chothamanga ndi beseni. Ndinauza wodi yonse kuti mwana uja ndi wanga mpaka m'mafupa, makina a azungu asaina.

Chisangalalo chitatsika ndinayang'ananso pepala lachitatulo. Sindinamumenye, eya. Koma amene anamupatsa ndine.

Adokotala anati: "Simunasankhe. Amayi anunso sanasankhe." Alemba kalata yoitana a Vitus, ya chidindo.

Lachiwiri, 18 Sepitembala

Achotsa kachitsulo. Mwendo wawonda ngati mpini wa khasu. Ndodo ziwiri, masitepe asanu n'limodzi, chizungulire. Mawa khumi.

Lachinayi, 20 Sepitembala

Abwera a Vitus ndi Luwiza. Chidindo chimayendetsa anthu.

Atamva kuti magazi anapita kale, a Vitus anatembenukira mlongo wawo, maso ali psu. Adokotala sanawapatse mpata. Anayala mapepala pabedi langa n'kuwauza apeze okha pepala losiyana ndi anzake. A Vitus anavala magalasi a m'tchalitchi, anayendetsa chala, analoza la Luwiza.

"Ili ndi la mlongo wanu. Awiri ofananawa ndi bambo ndi mwana wake."

"Koma mwana amatsata kuchikazi."

"Mudzi amatsata kuchikazi, bambo, zimenezo sindikutsutsa. Koma thupi amatenga theka uku, theka uku. Mbewa yaimuna yodwala ikabereka ndi yaikazi yabwinobwino, pafupifupi theka la ana limatenga matendawo. Ndaziwerenga ndekha mazana."

A Vitus anakanda m'mutu. "Nanga munthu wa mafupa a mapesi angalimbane ndi ng'ombe? Apa pali bodza penapake."

Adokotala anangondiyang'ana.

Ndiye ndinanena, wodi yonse ikumva. Akuba atatu kunalibe, ndinatsetsereka pamatope kuchitsime. Lole kunalibe, ndinayetsemula mwamphamvu nthawi ya chimfine nthiti n'kuthyoka. Phewa, ndinasenza thumba la mtedza. Ng'ombe ya ku Zambia, Mulungu aidalitse kulikonse ili, sinandionepo. Ndinkakumba kapuku m'munda wa chimanga, podzuka phazi linalowa mu una, ndinagwa chokhala. Basi. Kuyambira ndili mnyamata anzanga ankanditcha dzira. Ndinaona kuti kuli bwino azindiseka chifukwa cha bodza kusiyana n'kuti azindimvera chisoni chifukwa cha zoona.

Sindinafe.

Kenako ndinawayang'ana a Vitus m'maso n'kuwauza kuti: "Inu ndinu eni mbumba, palibe akukana. Koma mwana ameneyu adzathyokanso, ndipo pamudzi ponse pali munthu mmodzi yekha wodziwa mmene fupa limapwetekera likathyoka popanda chifukwa. Mukamuthamangitsa ameneyo, adzamunyamule ndani?" A Vitus anazunguliza chipewa m'manja.

Potuluka anafunsa adokotala ngati ana ena obadwa m'tsogolo adzakhalenso choncho. Anawayankha kuti mwana aliyense ndi mwayi wake, akhoza kutenga kapena ayi. Anagwedeza mutu. Ine anangondidutsa.

Loweruka, 22 Sepitembala

Masitepe makumi atatu. Ndafika pakhomo la wodi, ndaona dzuwa, lakalamba.

Ndilembe malangizo a Stelia ndisanaiwale. Pomunyamula, dzanja limodzi kumatako, lina kumsana, osamukoka mkono kapena mwendo. Asamangokhala, aziyenda ndi kusewera, fupa losagwira ntchito limafookeratu. Matemba, mkaka ukapezeka, masamba, dzuwa. Fulaye ndi kukwera mitengo ayi. Akadandaula kupweteka, chipatala tsiku lomwelo. Alipo mankhwala a diripi olimbitsa mafupa a ana, kuno kulibe, adokotala akuti ayesa kufunsa ku Lilongwe koma salonjeza. Akuti ambiri akatha msinkhu kuthyoka kumachepa. Atipatsa kalata yoti tizionetsa kulikonse, kusukulu ngakhale kupolisi, yonena dzina la matendawa.

Kwa Mlonyeni kuli zii.

Lachiwiri, 25 Sepitembala

Anditulutsa lero. M'mawa ndinalongedza chikwama osadziwa kuti chilowera kuti. Ndinali nditayamba kale kuuza mkulu wosayankhula uja kuti kuchisakasa kuli mphepo yabwino kuposa kumudzi.

Itakwana 11 koloko a Sisitala Rhoda anati kunja kuli ngolo ikufunsa bedi nambala 7. Ndinatuluka ndi ndodo zanga. A Vitus ali kutsogolo, chikwapu m'manja. M'ngolomo ayalamo udzu, pamwamba pake matiresi awo enieni a kuchipinda, amene ngakhale abusa akabwera sagonapo. Stelia wakhala pakati, atamutchinga ndi mapilo uku ndi uku, Luwiza wamugwira kumsana.

A Vitus sanandiyang'ane. Anayang'ana ng'ombe zawo.

"Denga la nyumba yanu lija lawola. Udzu ndamweta, koma pokwera ndikwera ine. Inu muzingoloza muli pansi."

"Ine kufolera ndinaphunzira kwa..."

"Muli pansi, alamu."

Ndikulemba izi akudikira kuti ndisainire ndodo. Kope latsala tsamba limodzi, ndiye ndikonze chinthu chimodzi lisanathe, poti Stelia adzaphunzira kuwerenga.

Mawu aja a Lachinayi, akuti mukamuthamangitsa adzamunyamule ndani, ndinalemba kuti ndinanena ine. Ayi. Ine nditatha kuulula za ng'ombe ndinadzifunditsa bulangete kumutu, ndinkalira ngati mwana. Anawanena ndi amako, Stelia. Anaimirira pakati pa wodi, pamaso pa alongo awo, ndipo sanakhale pansi mpaka atamaliza.